Mpando wa Malemu Benson

Gladys anatsitsa mpando panjinga ya mlamu wake n'kukhala pansi mumthunzi wa shedi ya a Jairos. Anali atatopa mpaka m'mafupa. Mwamuna wake, Benson, anali ataikidwa mwezi wathawo, ndipo abale a malemuyo anali atagawana kale zonse: bedi, wailesi, malata, ngakhale mbuzi yotsimphina sanaisiye. M'nyumba munangotsala mpandowu, womwe Benson ankapumirapo akaweruka ku loji ya ku Chinzombo. Koma Abson, mng'ono wa malemuyo, anali atamva kuti azungu otsika ndege pa Mfuwe amalimbirana mipando yakale, ndiye mtima unali m'mwamba.

"Tauyang'anani bwino, madala," anatero Abson. "Ndi wa kumishoni uwu, anasiya agogo athu. Mukangoti ndi orijino, lero lomwe ukwera ndege."

A Jairos anali kalipentala wokalamba amene eni maloji ankamufunsa za katundu wakale. Anaugadabuza mpandowo miyendo m'mwamba. Anasisita molumikizira matabwa, anakanda kunsi ndi chikhadabo, ananunkhiza. Sanafulumire. Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo.

"Mwangodzivutitsa," anatero pomaliza. "Wa kumishoni msana wake sukhala chonchi. Uwu ndi wadzana. Anyamata a m'tauni amakhoma yambirimbiri, amaipaka polishi ya nsapato n'kuiika pa utsi kuti ioneke yokalamba. Mzungu akakusekani."

Gladys anazyolika. Abson anatukwana chamumtima, napukuta thukuta ndi chipewa.

"Mtunda wonsewu tayendera nkhuni? Mlamu, chinthu chanucho ndi icho. Muona nokha mobwerera nacho."

Anakwera njinga n'kumapita osacheuka. Chibale chinathera pomwepo, pa shedi ya mwini.

Gladys anadzuka pang'onopang'ono, napinda chitenje kukhala nkhata. Kunyumba kunali makilomita seveni, ndipo m'mimba munalibe kanthu chichokere m'mawa. A Jairos anadikira mpaka njinga itazimirira m'fumbi. Kenako ananyamula mpandowo ndi manja awiri, namusenzetsa mosamala.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "ndi wa kumishoni ndithu, mlombwa weniweni, wopanda msomali ndi umodzi womwe. Zaka handiredi ukukwanitsa. Wotere ndinauonapo kamodzi kokha moyo wanga wonse. Kakhalenipo, koma alamu anu akamabwera muziufunditsa chiguduli."