Silinda Yachitatu

Sandifolo anazimitsa injini n'kumasula pulagi yachitatu. Inatuluka yakuda bii, yonyowa ndi oyilo. Anaiponya pabenchi.

Galimotoyo inali Peugeot 404 ya mayi Vongai, imene bambo awo anagula akugwira ntchito pamgodi muno mu Kwekwe. Inakhala zaka khumi pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Tsopano injini yake inali itamangidwanso yonse, ndipo Loweruka inayenera kunyamula mkuluyo, wa zaka 84, ulendo wa kwawo ku Dedza kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete.

Lamulo la a Whyte, eni galaja, linali lodziwika. Injini yomangidwanso situluka pageti Sandifolo asanaivomereze, ndipo ikalephera, woimangayo atole zida zake azipita. Amakanika analipo awiri okha, Sandifolo ndi Esnat, ndipo sankamwerana madzi. Chibwerereni Esnat zaka zisanu zapitazo, mdalayu sanatope kunena kuti makanika wa satifiketi amangodziwa pepala basi.

Esnat anaima pambali pa boneti, maso ali pa pulagi ija.

"Sekuru," anatero, kumutchula agogo m'chilankhulo cha kuno, "ikulira bwino. Utsiwo utha ikayendako. Ingonenani kuti ili bwino."

Sandifolo sanamuyang'ane n'komwe. Anazula mapulagi otsalawo, analowetsa geji yopimira mphamvu ya silinda m'bowo loyamba, nauza Esnat kuti apukuse injini. Singano inakwera bwinobwino. Pa silinda yachiwiri ndi yachinayi, chimodzimodzi. Pa yachitatu inangofika pakati n'kuima. Anathiramo oyilo pang'ono, napimanso. Inakwera. Nkhani inali poyera: ling'i ya pisitoni inathyoka poilowetsa.

A Whyte anatuluka mu ofesi atakwinya nkhope.

"Madala, mayi Vongai akubwera masana ano. Tisadzichititse manyazi. Ikafika ku Dedza imeneyi."

"Ikangofika pa Mutoko basi, isanafike n'komwe ku Nyamapanda," anatero Sandifolo. "Kenako nkhalamba ija ikakhale padzuwa m'mbali mwa msewu, ikudikira thandizo? Aiwa, bwana. Ine zimenezo ayi."

"Mukudziwa chomwe chichitike mukaikana?"

"Lamulolo tinapangana tonse. Munthu wothyola ling'i osamva kuti yathyoka asagwirenso sipanala pano."

Esnat anagwira Sandifolo mkono. Misozi inali italengeza, ndipo kanali koyamba kuti mdalayu amuone akupempha kanthu.

"Chonde, sekuru. Ndiiphwasula lero lomwe, pofika Lachisanu ikhala itakonzeka. Palibe adziwe."

"Ndadziwa kale ine."

A Whyte anayesa kumunyengerera, kenako anakalipa, kenako ananena kuti lamulo analiika okha ndipo akhoza kulichotsa okha. Kunali kutaya nthawi. Sandifolo anali wouma mutu chibadwire, ndipo tsiku limeneli anachita kuposa. Anatenga khadi la ntchito lomwe linali pagalasi la galimoto, nalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti YALEPHERA, n'kulipereka kwa a Whyte m'manja.

Esnat anakhala pansi pa tayala, nkhope ataibisa m'manja.

Sandifolo anapita kukona, natseka bokosi lake la zida lomwe linakhala pamenepo zaka makumi anayi. Analinyamula movutikira.

"Esnat, uimangenso ndiwe," anatero ali pageti. "Manja angawa ayamba kunjenjemera. Ling'i ija ndinaika ndine, ndipo sindinamve n'komwe ikuthyoka."