Wozula Chingwe cha Seva

"Yazimanso!" anakuwa Kamoto, n'kuponya foni pampando.

Kanali kachinayi sabata imeneyo. Kompyuta yakaleyo anaitola itatayidwa kuntchito, n'kuisandutsa seva yosunga nyimbo ndi mafilimu kuti aliyense m'nyumbamo azitsegula pa foni kapena pa TV. Mtsikanayu anadziphunzitsa yekha, ndipo anatha milungu itatu akusamutsiramo makaseti onse a bambo ake. Koma akaweruka ankaipeza ili zii.

Analunjika kwa achimwene ake, aja a dipuloma ya zamakompyuta yopachika pakhoma.

"Ndinu, achimwene! Zikukuwawani kuti ndapanga ine wopanda pepala!"

"Ine ndigwire chibokosi cholira ngati chigayocho? Bambo anena kale, chikazimanso chipita kunja."

Loweruka Kamoto sanapite kulikonse. Anabisala kuseri kwa chitseko cha pabalaza, akuluma zikhadabo, mawu okalipira achimwene ali kale pamlomo. Dzuwa litapendeka kunamveka masilipasi. Koma analowa bambo, atakhwapatira wailesi yawo ya kaseti. Anagwada pansi pa shelefu, n'kuzula chingwe cha seva mosamala, n'kulowetsapo cha wailesi.

"Bambo! Nyimbo zimenezo zonse zili mu seva!"

"Ndikudziwa, mwanangu, unagwira ntchito," anatero bambo osatembenuka, akupukusa kaseti ndi cholembera. "N'chifukwa chake ndikatha kumvera ndimabwezerapo chingwe chako bwinobwino. Koma chinthu chakochi n'chosadalirika. Tsiku lililonse chimangozima."