Masitepe Makumi Anayi

"Agogo, kodi ophunzitsa za ukalamba nawonso amakalamba?" Tsiku limene mdzukulu wawo anafunsa zimenezi, aprofesa anaseka.

Lero sanaseke. Anaima pansi pa masitepe makumi anayi, ndodo ili m'dzanja, pepala la zokayankhula lili m'thumba. Msonkhano wa bungwe la ofufuza za ukalamba, lomwe analiyambitsa okha, unali m'chipinda chapamwamba.

Mlembi wa bungwelo, yemwe anamuphunzitsa iwo omwe, anasuzumira. "Pepani bwana, sitinaganizire. Bweretsani pepalalo, ndikawerenga ine."

Aprofesa sanapereke. Anabwerera kugalimoto, komwe aneba awo amakaniko, amene anawaperekeza, anangotsonya.

"Chaka chamawa ndidzakuberekani kumsana mpaka pamwamba, achimwene."

"Mukadzandifikitsa," anatero aprofesa, "ndidzayamba ndi kuwawerengera anthu a mumsonkhanomo masitepewa, limodzilimodzi."