Akaunti ya Malemu Laurent

Zaka zambiri zapitazo, ali gone m'chipatala, Laurent anagwira mkono wa mnzake Hosea. "Achimwene, akaunti yanga ya kuntchito musadzaifufute, ngakhale nditafa." Hosea analumbira. Maliro atatha anatenga ntchito ya malemuyo, yoyang'anira makompyuta osaoneka amene kampani imabwereketsa makasitomala pa intaneti. Kenako anakwatira Ellen, mkazi wamasiye wa Laurent.

Tsiku lina kutada Hosea anabwerera ku ofesi, m'dera la Kijitonyama, kukatenga tchaja. Mlonda anaseka. "Madala, mwabweranso? Mnzanu uja akadali m'mwamba."

M'mwambamo munalibe munthu. Koma kompyuta inali yoyaka, mpando uli wofunda. Akaunti ya Laurent inali italowa, ikutsegula makina atsopano ndi kuwatcha dzina la Ellen. Inam'patsa Ellen mphamvu zonse pa makinawo, zomwe Laurent ali moyo ankam'mana Hosea.

Foni inalira.

"Bambo a Chiko, uthenga wanu uja ndauona," anatero Ellen, akuseka kuseka kumene Hosea anali asanakumvepo chikwatiranireni. "Dzina lachikondi mwanditchula lija munalidziwa bwanji? Ankanditchula choncho ndi munthu mmodzi yekha."

Hosea anali asanalembe uthenga uliwonse. Pa kompyutapo anasankha akaunti ya Laurent, nadina pofufutira.