Anasankha Nyumba, Anasiya Penshoni

Panali mayi wina, telala, amene anakhala pabanja zaka 27 ndi dalaivala wa kampani ya mabasi. Banja litafika pothera, mayiyu ankangofuna kuti nkhani ithe msanga. Anali atatopa ndi kulozedwa zala.

Tsiku lina mwamuna uja anafika kushopu n'kusiya pepala pamakina osokera.

"Amake ana, tisakokanekokane. Inu tengani nyumba, ine nditsale ndi penshoni yanga. Paja nyumbayi ndinamaliza kale kuigula kukampani."

Mayi uja anakafotokozera mchemwali wake wamkulu, amene anali namwino.

"Usasaine," anatero mkuluyo. "Penshoniyo nawenso uli ndi gawo lako. Yunifolomu yake ankamuchapira ndani zaka zonsezi? Kaonetse pepalalo kwa loya."

"Achemwali, loya angotalikitsa nkhani. Ine mutu waima kale."

Tsiku la kukhoti anakhala pabenchi ya pakhonde, pepala lija lili m'manja. Kunabwera bambo wina wovala tayi, fayilo ili kukhwapa.

"Mayi, mukuoneka osokonezeka. Ine ndimathandiza anthu za mapepala pano."

Anangoliyang'ana pang'ono pepalalo n'kuimba mluzu. "Mwachita mwayi! Penshoni ndi ndalama, imatha. Nyumba siitha. Sainani bambowa asanasinthe maganizo."

Mayi anasaina. Woweruza atamufunsa ngati wagwirizana ndi zonse zolembedwazo, anavomera.

Patatha miyezi isanu mwamuna uja anapuma pantchito. Sabata yomweyo mayi analandira kalata yochokera kukampani, yomuuza kuti atuluke m'nyumba pasanathe masiku makumi atatu. Anaiwerenga katatu. Anathamangira kuofesi atavala masilipasi.

"Pepani amayi," anatero kalaliki atatsegula fayilo. "Nyumbayi kampani sinaigulitsepo. Zimene tinkadula pamalipiro a bambo zinali za lendi."

Mayi anaimbira mwamuna wake uja kasanu, foni yozima. Anapita kukhoti kukafunafuna bambo wa tayi. Mlonda wa pageti anapukusa mutu.

"Ameneyo sagwira ntchito pano. Tsiku lija anabwera pagalimoto imodzi ndi amuna anu."

Apa m'pamene anapita kwa loya, mchemwali wake atamugwira dzanja. Loya analoza mzere wina ndi cholembera.

"Apa akuti akukusiyirani ufulu uliwonse umene ali nawo panyumbayo. Ufuluwo analibe. Mukanabwera musanasaine, tikanapempha kuti gawo lanu ligwidwe ndalama zisanatuluke."

"Ndiye panopa?" anafunsa mayi.

"Penshoni anatenga kale, ndipo kumene ali sitikudziwa. Titha kusuma kuti anakunamizani, koma zitenga nthawi. Sindikulonjezani kanthu."

Masiku aja anatha ngati akuthamangitsidwa. Chakudya sichinkalowa. Akamva galimoto kuima pageti, ankasuzumira pawindo poganiza kuti mwina abwera kudzamutulutsa.

Tsiku lomaliza, akukweza makina ake pagalimoto yopita kwa mchemwali wake, panafika mayi wachitsikana atabereka mwana. Anali mkazi wa dalaivala amene anapatsidwa nyumbayo.

"Amayi, ndamva kuti ndinu telala. Mungandisokereko makatani? Nditenge tepi tiyeze mawindo?"

Mayi uja anayang'ana nyumba ija kanthawi.

"Musavutike, mwanangu. Miyezo yake ndikuidziwa pamtima."

Phunziro: Banja likamatha, kutopa kusakusainitseni pepala limene simunalimvetse. Penshoni ya mnzanu musaisiye chifukwa cha mawu a pakamwa. Onani kaye mapepala a nyumba ndi maso anu, funsani loya, ndipo musakhulupirire munthu wongokumana naye pakhonde. Tumizirani abale ndi anzanu, mwina wina ali ndi cholembera m'manja lero lino.