Chipani cha Nkhanga Zisanu ndi Imodzi

Padangokhalatu nkhanga zisanu ndi imodzi zomwe zinayambitsa chipani cholimbana ndi Chiwombankhanga. Lamulo linali limodzi: pasakhale bwana, onse afanane.

Zikamadya, imodzi mwa izo, Nachanza, ankakwera pachulu kukalondera.

"Anzanga, uyu akutiyang'anira pansi," anatero Kachingwe. "Ubwana umayamba chonchi."

"Ndikatsika, achimwene, kumwambaku ayang'ana ndani?"

Zitatu, kuphatikizapo Kachingwe, zinachoka n'kukayambitsa Chipani Chenicheni. Kumenekonso zinakangana za woyamba kujompha mapira, mpaka iliyonse inakhala chipani payokha. Nachanza, poopa kutchedwa bwana, anatsika.

Chithunzithunzi cha mapiko chinadutsa pansi. Zonse zinachiona, koma ndani akanachenjeza wa chipani china?

Chiwombankhanga anatera mosafulumira. "Lero ndidya chipani chathunthu," anatero, n'kunyamula Kachingwe.