Mezani, Bwana

"Lawani, bwana," anatero mlimi, akupereka buledi wa tirigu wolima yekha kwa mwini fakitale ya mabatire, atolankhani akujambula.

Fakitaleyo inkatayira madzi m'ngalande yodutsa m'munda wa tirigu wa mlimiyo, koma bwanayo ankalumbira kuti madziwo ngabwino. Pofuna kutseka anthu pakamwa, anagawa mwaulere mankhwala opopera masamba, oti chiphe cha mtovu chisafike m'njere.

Bwana analuma n'kumwetulira. "Mwaona? Tirigu wopopera alibe vuto! Munatsatira malangizo onse, bambo?"

"Onse, bwana. Anati tisungunule mankhwalawo m'madzi abwino, ndiye tinkatunga m'ngalande yanu ija. Si munati ngabwino?"

Nsagwada za bwana zinaima. Akanalavula bwanji, makamera ali pamphuno?

"Mezani, bwana," anatero mlimiyo. "Ana anga amameza tsiku lililonse."